Mapepala a ulendo wakunja: ntchito imene kompyuta ingalandire, ndi imene iyenera kukhalabe m'manja mwa munthu

Lolemba m'mawa, mu ofesi yothandiza anthu za maviza kuno ku Mzuzu, chotanganidwa kwambiri chimakhala foni ya WhatsApp. Yakhala ikulira kuyambira Loweruka. Wina watumiza pasipoti yojambulidwa pa mkeka, chala chake chitaphimba nambala. Wina watumiza sitetimenti ya kubanki, masamba atatu mwa asanu. Palinso satifiketi ya MANEB yochokera pa nambala yosadziwika, chifukwa mwini wake ali ku Euthini ndipo wabwereka foni ya mphwake. Mlembi wa mu ofesimo amatsitsa chithunzi chilichonse, kuchipatsa dzina, kuchiika mu foda, kenaka n'kuyamba kuimba mafoni: "Pepani amayi, kodi pepala lafika apali ndi lanu kapena la achemwali anu?" Pomafika masana, palibe fomu ngakhale imodzi ya viza imene yalembedwa.

Gawo limeneli la ntchito, lolandira mapepala a kasitomala, kuwasanja ndi kuona ngati akwanira, ndi limene maofesi ambiri tsopano akufuna kulipereka kwa kompyuta. Ine ndikuvomereza kuti liperekedwe, koma osati lonse. Pali malire amene ndikufuna ndiwalongosole bwino, chifukwa amene amalipira malirewo akaphonyedwa ndi kasitomala, munthu amene mwina wagulitsa ng'ombe kuti ulendowo utheke.

Kumpoto kuno ulendo wakunja si wachilendo. Agogo athu a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Teba, ena n'kusanduka matchona. Masiku amenewo kampani yolemba anthu ntchito ndi imene inkasenza za mapepala. Lero aliyense amasenza yekha, ndipo njira zachuluka: sukulu ku United Kingdom, ntchito ku South Africa, kukaona mwana ku America, msonkhano ku Germany. Pasipoti mukhoza kuyambira pa ofesi ya Imigireshoni ya kuno ku Mzuzu, koma maofesi a akazembe ali ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 350 pa msewu wa M1, kudutsa Chikangawa, Jenda ndi Kasungu. Pepala limodzi likasowa mutafika kale kumeneko, mwataya ndalama ya basi, malo ogona, ndipo nthawi zina tsiku limene munapatsidwa. Ndalama yolipirira viza nayo kawirikawiri sibwezedwa akakukanani.

Choyamba chimene dongosolo la pa kompyuta limakonza ndi khomo lolowera. M'malo moti mapepala azibwera pa WhatsApp ya bwana, pa imelo ya mlembi ndi mu envelopu ya khaki, onse amalowera malo amodzi. Kasitomala akalembetsa amapatsidwa nambala ya fayilo ndi linki yakeyake, ndipo chilichonse chotumizidwa kudzera pa linkiyo chimagwera mu fayilo yake, kaya watumiza ndi foni ya ndani. Amene amakonza madongosolo otere kunja amaganiza za kasitomala wokhala ndi laputopu ndi imelo. Wathu kuno amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo linki yotsegula tsamba la pa intaneti ikhoza kumukanika chifukwa bandulo yakeyo sifika kumeneko. Choncho dongosolo labwino la ku Mzuzu limalandirabe mapepala pa WhatsApp, kudzera pa akaunti ya bizinesi yolumikizidwa ku kompyuta ya ofesi, ndipo limayamba lafunsa nambala ya fayilo lisanalandire chithunzi. Pali kanthu kamodzi koyenera kuphunzitsa kasitomala aliyense tsiku loyamba: WhatsApp imachepetsa chithunzi chikatumizidwa ngati chithunzi wamba, tizilembo ting'onoting'ono n'kufufutika, koma chikatumizidwa ngati dokyumenti chimafika chili bwinobwino. Mauthenga ophunzitsa zimenezi asakhale a Chingerezi chokha. Makasitomala athu amayankhula Chichewa, Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde, ndipo uthenga wa mawu umamveka msanga kwa agogo kuposa wolembedwa.

Chachiwiri ndi mndandanda wa zofunika. Wopita kusukulu safuna mapepala ofanana ndi wokacheza, ndipo wopita ndi mwana amafuna zina zoonjezera. Dongosolo limafunsa mafunso ochepa, monga dziko, cholinga cha ulendo, amene akulipira ndiponso ngati munthuyo anakanidwapo viza, kenaka limatulutsa mndandanda wa iyeyo. Chikafika chimodzi limachonga, chikasowa limakumbutsa lokha pakatha masiku angapo. Apa palibe chovuta kwenikweni, ndipo ndi pamene nthawi yambiri ya mlembi imapulumuka.

Chovuta chili pa kuwerenga. Pulogalamu yowerenga zilembo pa chithunzi, imene akatswiri amaitchula kuti OCR, imachita bwino kwambiri pa pasipoti, ndipo chifukwa chake n'chosangalatsa kuchidziwa. Tsegulani tsamba la chithunzi chanu, yang'anani mmunsi. Muona mizere iwiri ya zilembo, manambala ndi tizizindikiro tooneka ngati <<<. Mzere uliwonse uli ndi malo 44, motsatira muyezo wa bungwe la ICAO loona za maulendo a pandege. Mzere woyamba uli ndi zilembo zitatu zoimira dziko, MWI kwa ife, kenaka dzina la bambo ndi maina oyamba. Wachiwiri uli ndi nambala ya pasipoti, tsiku lobadwa ndi tsiku lotha ntchito, ndipo chilichonse mwa izi chimatsatidwa ndi nambala imodzi yotsimikizira. Nambalayo imapezeka pochulukitsa manambala ndi 7, 3, 1 mobwerezabwereza, kuwonkhetsa, n'kutenga nambala yomalizira ya yankho. Munthu wobadwa pa 12 March 1995 amalembedwa 950312. Mukawerengera mupeza 104, choncho nambala yotsimikizira ndi 4. Tsono chithunzi chikakhala chosaoneka bwino, kompyuta n'kuwerenga 8 pamalo pa 3, yankho limakhala 139, nambala yomalizira 9, ndipo siigwirizana ndi 4 amene wasindikizidwa. Kompyuta imadziwa yokha kuti yalakwitsa, n'kupempha chithunzi china. N'chifukwa chake ndimakhulupirira makina pa pasipoti kuposa maso a mlembi wotopa pa 4 koloko madzulo.

Koma mapepala ambiri amene anthu athu amabweretsa alibe chitetezo chotere. Kalata ya a mfumu, khadi la ubatizo la kutchalitchi, satifiketi ya ukwati yolembedwa pamanja, kalata ya kuntchito yokhala ndi chidindo chodindidwa pamwamba pa mawu, zonsezi kompyuta imaziwerenga mongoyerekeza. Mapulogalamu atsopano a AI, otsanzira nzeru za munthu, amawerenga zolemba pamanja bwino kuposa akale, koma ali ndi khalidwe loopsa: akalephera kuona chilembo amaikapo chimene chikuoneka choyenera, osasonyeza kukayika kulikonse. Pa ntchito ya maviza, dzina longoyerekeza ndi loipa kuposa malo osalembedwa. Dongosolo likonzedwe kuti chilichonse chowerengedwa pa pepala lotere chizionekera pambali pa chithunzi chenichenicho, munthu ayang'ane, avomereze kapena akonze, chisanalowe pa fomu iliyonse.

Nkhani ya maina ndiyofunika kuikhalira pansi, chifukwa apa ndi pamene mapulogalamu ogulidwa kunja amapunthwa kwambiri kumpoto kuno. Maina monga Ng'oma ndi Ng'ambi ali ndi kachizindikiro kapamwamba, koma m'mizere iwiri ya pasipoti ija kachizindikiroko samakalemba, motero Ng'oma amakhala NGOMA. Pulogalamu yosadziwa zimenezi imati chiphaso cha unzika ndi pasipoti n'za anthu awiri. Chilembo cha ŵ nacho chimasowa m'makompyuta ambiri. Mayi amene kumudzi konse amadziwika kuti Nyagondwe, pa chiphaso cha unzika cha NRB ndi Gondwe, pa akaunti ya kubanki ali ndi dzina la amuna awo, ndipo pa satifiketi ya MSCE ali ndi dzina la amalume amene anawalipirira sukulu. Kwa ife palibe chodabwitsa pamenepa. Kwa wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe, amene ali ndi mphindi zochepa pa fayilo iliyonse, awa ndi anthu anayi. Ntchito ya kompyuta ndi kuika maina anayiwo pamzere umodzi n'kuyatsa chizindikiro chofiira. Kusankha chochita, kaya kalata ya lumbiro pamaso pa Commissioner for Oaths (munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu), kaya satifiketi ya ukwati yolumikiza mainawo, kaya kukakonzetsa pepala kumene linachokera, imeneyo ndi ntchito ya mlangizi. Dongosolo limene limangosintha maina lokha kuti afanane likubisa vuto limene kazembe adzaliona.

Masiku obadwa ali chimodzimodzi. Kulembetsa ana akangobadwa kunakhala kokakamiza m'dziko muno mu 2015, ndipo ziphaso za unzika zinafika kwa anthu ambiri mu 2017. Akuluakulu ambiri anakula opanda satifiketi ya kubadwa, ndipo chaka chimene aphunzitsi analemba ku pulayimale sichifanana nthawi zonse ndi chimene munthu ananena pokalembetsa chiphaso. Onjezani apo kuti ife timayamba ndi tsiku pomwe a ku America amayamba ndi mwezi, kotero 03/04 kwa ife ndi 3 April koma kwa iwo ndi 4 March. Pulogalamu yopangidwa ku America ikhoza kutembenuza tsiku la munthu mwakachetechete. Njira yotetezeka ndi yoti dongosolo lizilemba mwezi m'mawu paliponse pamene munthu akuwerenga.

Pali ntchito ina imene kompyuta imaposa munthu kutali, ndipo kwa ine ndi chifukwa chachikulu chogulira dongosolo lotere. Mapepala a viza ali ngati nsima ndi ndiwo: ziyenera kupsa nthawi imodzi. Taonani wophunzira wopita ku United Kingdom. Ndalama zimene akusonyeza ziyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika pa mlingo wofunika, ndipo tsiku lomaliza la sitetimentiyo lisapitirire masiku 31 lisanafike tsiku lotumiza pempho. Popeza akuchokera ku Malawi ndipo akakhala kumeneko kupitirira miyezi 6, ayenera kuyezetsa TB ku chipatala chovomerezeka, ndipo satifiketi yake imagwira ntchito miyezi 6 yokha. Akayezetsa msanga kwambiri, kalata ya kusukulu n'kuchedwa, satifiketiyo imatha. Akatenga sitetimenti msanga, imakalamba. Wopita ku mayiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen, monga Germany, pasipoti yake iyenera kukhala itaperekedwa m'zaka 10 zapitazi, ikhale ndi masamba awiri opanda kanthu, ndipo ikhalebe ndi miyezi itatu kuchokera tsiku limene akubwerera, kuphatikizapo inshulansi ya zaumoyo yosachepera mayuro 30,000. Mlangizi wokhala ndi mafayilo ambirimbiri sangasunge masiku onsewa m'mutu. Kompyuta imawerengera usiku uliwonse n'kunena m'mawa kuti fayilo yakuti yatsala ndi masiku asanu kuti sitetimenti yake ikalambe. Ikhozanso kuyenda mzere ndi mzere pa sitetimenti n'kupeza tsiku limodzi limene ndalama zinatsika chifukwa banki inadula ndalama zake za pamwezi. Tsiku limodzi lokhalo likhoza kukanitsa viza.

Komabe malamulo amene kompyuta ikuwerengerawo amalembedwa ndi munthu, ndipo amasintha osatsanzika. Kuyambira pa 20 August 2025, dziko la America linayamba kufuna kuti Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza yokacheza kapena ya bizinesi azipereka ndalama ya chikole ya madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Mndandanda wolembedwa mu July chaka chomwecho unalibe zimenezi. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo ndalama za m'akaunti zimene zinali zokwanira dzulo lake zinaperewera pozisintha kukhala mapaundi. Dongosolo losakonzedwa limapitiriza kupereka malangizo akale kwa anthu onse nthawi imodzi, molimba mtima ndithu. Ofesi iliyonse ikhale ndi munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi kuwerenga masamba a maboma enieniwo, ndipo mndandanda uliwonse uzisonyeza tsiku limene unaunikidwa komaliza.

Chimene kompyuta singathe konse ndi kudziwa ngati pepala likunena zoona. Ikhoza kuona kuti fayilo ya PDF inasinthidwapo, kapena kuti manambala a pa sitetimenti sakuwonkhetseka. Koma ndalama zambiri zimene zalowa mu akaunti sabata yatha, singadziwe ngati ndi za fodya amene wagulitsidwa ku okushoni, za chipereganyu, kapena zobwereka kwa katapila kuti zingoonekera. Zimenezo zimadziwika pokhala pansi ndi munthu, kumufunsa mwaulemu ndi kumumvetsera. Ndipo ziyenera kudziwika, chifukwa ku United Kingdom kupereka pepala lachinyengo kukhoza kumutsekera munthu khomo kwa zaka 10, pomwe ku America kunama pa pempho la viza kukhoza kumutsekera moyo wake wonse. Ena amagwa m'dzenje limeneli osadziwa, atapatsidwa kalata ya ntchito yabodza ndi dobadoba amene anawalonjeza kuti zonse akonza. Mlangizi wabwino amaimba foni ku kampani yotchulidwa pa kalatayo, amafunsa kuti munthuyo anaidziwa bwanji ntchitoyo, ndipo amatchera khutu akamva kuti "abwana" asunga pasipoti ikangofika kumeneko. Ndi mmene nkhani zambiri za kugulitsa anthu zimayambira, ndipo palibe fomu ya pa intaneti imene ingamve mantha m'mawu a mtsikana amene akuyankha.

N'chifukwa chake ndimakana dongosolo lililonse limene limauza kasitomala lokha kuti "mwayenerera" kapena "simunayenerere". Lizinena kuti pepala lafika, silikuoneka bwino, latsala pang'ono kutha, kapena likusowa. Chigamulo chizichokera kwa munthu amene dzina lake lilembedwa pa fayiloyo.

Tsopano za kusunga. Fayilo imodzi ya viza ili ndi zonse zimene wakuba angafune kuti adzisandutse inu: pasipoti, chiphaso cha unzika, nambala ya akaunti, siginecha, zotsatira za kuchipatala, maina a ana. Masiku a WhatsApp ya pa foni ya bwana, zonsezi zimakhala mu galari pamodzi ndi zithunzi za ukwati, ndipo foniyo ikabedwa mu depoti zapita. Kuika mafayilo onse malo amodzi kumachotsa vuto limeneli koma kumabweretsa lina, chifukwa pasiwedi imodzi ikatuluka zimatuluka za aliyense. Tonse tikukumbuka kumayambiriro kwa 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, boma n'kulengeza kuti akuba a pa intaneti analowerera makina ake. Ofesi ya zipinda ziwiri isamadzione ngati yaing'ono kwambiri moti singalowereredwe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene likuyang'anira. Mzimu wa lamuloli ndi woti munthu adziwe chimene mukutenga ndi chifukwa chake, musatenge zopitirira zofunika, ndipo musasunge mpaka kalekale. Pochita, zimenezi zikutanthauza kuti wogwira ntchito aliyense akhale ndi pasiwedi yake, dongosolo lizilemba amene watsegula fayilo iliyonse ndi nthawi yake, wosiya ntchito atsekeredwe tsiku lomwelo, ndipo mafayilo otha ntchito azifufutidwa pa nthawi yoikika. Ngati mapepala akutumizidwa ku pulogalamu ya AI ya kampani yakunja kuti iwawerenge, kasitomala auzidwe zimenezo m'chiyankhulo chimene amamva asanatumize kalikonse. Kuika pasipoti ya munthu mu pulogalamu yaulere yocheza nayo, popanda kudziwa kumene ikusungidwa, n'kulakwira munthu amene wakukhulupirirani.

Za magetsi ndi netiweki ndingonena mwachidule, poti tonse tikuzidziwa. Dongosolo lizitha kupitiriza pamene linalekera netiweki ikaduka, m'malo moyambiranso kutsitsa sitetimenti ya masamba khumi. Mlembi azitha kujambula mapepala magetsi a ESCOM atazima, zonse n'kudzakwera zokha akayaka. Ndipo khomo la ofesi likhalebe lotsegula kwa bambo amene wabwera ndi mapepala ake mu jumbo kuwateteza ku mvula ya ku Mzuzu. Iyeyo asikanidwire pomwepo, mapepala ake enieni abwezedwe m'manja mwake, ndipo fayilo yake iyende njira yomweyo ngati ya wotumiza pa foni.

Kasitomala naye amapindula m'njira imene eni maofesi saiganizira kawirikawiri. Pepala lililonse likalandiridwa amalandira uthenga wotsimikizira, ndalama iliyonse yolipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba imalumikizidwa ku nambala ya fayilo yake, ndipo amatha kuona kusiyana kwa ndalama ya ofesi ndi ndalama ya kazembe. Mawu akuti "pepala lanu sitinalilandire" amatha, chifukwa umboni uli pa foni pake. M'ntchito imene madobadoba aipitsa mbiri yake, ofesi yoona mtima imafunika njira yosonyezera kuti ndi yosiyana nawo, ndipo umboni wolembedwa ndi njira imodzi.

Ofesi yaing'ono siyenera kuyamba ndi kugula pulogalamu yodula yolipira m'madola mwezi uliwonse. Iyambe ndi kulemba pa pepala mitundu itatu kapena inayi ya maviza amene imagwira kawirikawiri, ndi mapepala ofunika pa mtundu uliwonse. Igwirizane kalembedwe kamodzi ka maina a mafayilo, monga nambala ya kasitomala, mtundu wa pepala ndi tsiku. Itsegule tebulo la Excel kapena Google Sheets lokhala ndi masiku otha ntchito, limene limasintha mtundu tsiku likayandikira. Igwiritse ntchito zimenezi kwa miyezi iwiri kapena itatu, ikulemba pamene pakutsamwa. Pokakumana ndi wokonza mapulogalamu, kaya ndi wophunzira wa ku Mzuni kaya kampani ya ku Lilongwe, ipite ndi mafayilo khumi akale, eni ake atavomereza kapena manambala atabisidwa, osankhidwa mwa ovuta kwambiri: la dzina lokhala ndi kachizindikiro kapamwamba, la maina anayi, la chithunzi cha pa mkeka, la kalata ya a mfumu. Imuuze ayendetse pulogalamu yake pa mafayilo amenewo pamaso pa mlembi amene adzaigwiritse ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo mlembiyo anene maganizo ake mgwirizano usanasainidwe.